Kulawira Apongozi Bwazi

Apongozi anga aakazi sankamwa chinthu chimene wobweretsayo sanayambe walawa iwo akuona. Madzi a mumtsuko okha ndiwo ankamwa osafunsa, popeza ankatunga okha ndi chikho chawo. Koma thobwa, tiyi, phala, makamaka mankhwala, unkayamba iwe kumeza, iwo maso ali dwii pakhosi pako. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Ukamapatsa mlendo thobwa umayamba walawa, timati kuchotsa ufiti, ndipo ambiri amangogunditsa mlomo pachikho, mwambo watha. Apongozi anga zogunditsa mlomozo sankazimva. Ankafuna aone kholingo likukwera n'kutsika.

Chifukwa chake aliyense pamudzipo ankachidziwa. Amuna awo anapita kudima, kukathandiza kulima kumunda kwa mnzawo, atatha kulima anamwa mowa, anabwera kunyumba akusanza, osadzukanso. Kaya munali chiyani mumowamo palibe anadziwa, ndipo ena amene anamwa nawo tsiku limenelo ali moyo mpaka lero. Koma apongozi anatsimikiza mumtima mwawo kuti amuna awo anachita kuthiriridwa, ndipo kuyambira pamenepo sanakhulupirirenso dzanja la munthu.

Ine ndinabadwira ku Zambia, makolo anga atathawa nkhondo. Tinabwerera kwathu kuno ndili kamtsikana, n'kukhazikika pafupi ndi Malowera. Amuna anga kwawo ndi mbali za ku Chiputo, ndipo banja lawo silinathawe, linkangobisala m'mapiri nkhondo ikavuta. Mwa mwambo wathu iwo ndiwo akanabwera kudzakhala kwathu. Koma mayi awo anali amasiye, odwala nyamakazi, ndipo mlongo wawo, mlamu wanga, anali atatengedwa ndi mwamuna wake kumudzi wina kutsidya kwa dambo. Choncho abale awo anapempha chitengwa, akwathu anavomera, ine ndinamanga mabeseni anga m'kapulana, nsalu imene ena amati chitenje, n'kupita.

Dzina langa apongozi sankalitchula, monga zimakhalira, koma m'malo mondiitana kuti mtengwa ankati a ku Zambia.

"A ku Zambia, mwadzuka? Kapena mukudikira kamiyau ibwere ndi ufa wachikasu?"

Ankanena za lole yobweretsa ufa umene anthu ankalandira kumisasa ya othawa nkhondo. Ine ufawo sindiukumbukira n'komwe, koma ndinkanyozedwa nawo tsiku ndi tsiku. "Ife tinadya mizu kuphiri, inu mukukhuta zolandira," ankatero. Sanali munthu woipa, ayi. Sabata yoyamba anandipatsa kapulana yawo yabwino kuposa zonse, ndipo kuumba mbiya anandiphunzitsa ndi pakamwa pokha, popeza manja anali atakana. Ankaseketsanso, moti nthawi zina ndinkapsa mtima ndikuseka. Koma pakamwa pawo panali tsabola, ndipo kwa iwo anthu obwerera kuchokera kunja anabwera ndi mankhwala achilendo m'mitolo mwawo.

Nyamakazi inali itawagwira zedi. Mawondo otupa, zala zopindika moti singano sankatha kuitola. Mankhwala awo anali amodzi okha, muzu wa bwazi. Bwazi ndi kamtengo kosatalika kamene kamachita maluwa ofiirira mvula ikamayandikira, ndipo ukakumba muzu wake n'kuupala, fungo lake limakulasa m'mphuno ngati mafuta opaka pamsana aja amagulitsa kuloja, kusitolo. Anthu amaugwiritsa ntchito m'njira zambiri. Ena amanunkhiza mutu ukamapweteka, ena amatemera, ena amathira m'nkhokwe kuti anankafumbwe asalowe. Apongozi anga ankamwa. Amuna anga ankakumba, ine ndinkapala makungwa a muzuwo, kuyanika, kusinja, n'kusunga ufawo m'chitini. M'mawa ndinkaviika pang'ono m'madzi ofunda m'kaneka, kapu yawo yoyera, ndinkagwada, kumeza kamodzi, n'kuwapatsira.

Poyamba kamatsekemera pang'ono, kenako kamayabwa kukhosi, malovu n'kudzaza m'kamwa. Miyezi yoyamba ndinkameza osaganizira, ndinkangoti ndi ntchito ngati kutunga madzi.

Titatha kubzala, amuna anga anatsikira kunyanja, mbali za ku Chipera, kukagwira ntchito yosodza tinsomba ta kapenta, ati abwera nthawi ya dowe. Anandisonyeza pamene pali mitengo ya bwazi n'kundisiyira kakhasu kokumbira. Atachoka sindinapite kumwezi. Ndinati mwina ndi ntchito yachuluka. Mwezi wotsatira chimodzimodzi, ndipo fungo la mafuta pamoto linayamba kundithamangitsira kuseri kwa nyumba. Ndinadziwa. Ndinasangalala, ndikunena zoona, ndinkaseka ndekha kumunda ngati wamisala.

Tsono apa ndi pamene panali vuto. Pondilanga ukwati usanachitike, anamkungwi akwathu anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, mimba yoyamba mwiniwake sailengeza. Umauza mayi ako okubala, iwo amauza anamkungwi, anamkungwi ndiwo amapita kuchimuna kukanena mwaulemu, kenako amakulanga za uchembere. Zisanachitike zimenezo pakamwa umatseka, chifukwa mimba yodziwika msanga anthu oipa amaimanga, ndipo mtsikana wopita yekha kwa apongozi kukati ndili ndi pakati amaoneka wosalangidwa, wochititsa manyazi mtundu wake wonse. Chachiwiri, wapakati samwa mizu yowawa, ndipo muzu wa bwazi anachita kuutchula dzina. Mayi wina wachikulire anandikoka khutu n'kuti: "Umenewo ngakhale kununkhiza usamaununkhize. Umatsitsa."

Mayi anga anali ku Malowera, ine ku Chiputo, pakati pathu mitsinje yodzaza. Nthawi ya mvula kumene kuja kamiyau sifika, njinga umachita kuisenza. Foni inalipo imodzi, ya mwini kantini, ndipo kuti igwire ankakwera nayo pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, iye n'kuima pomwepo kudikira foni yake, makutu ali tcheru. Nkhani ya mimba ungainenere pamenepo? Likamalowa dzuwa ikanakhala itafika kumjigo. Ndinaganizapo zouza mayi wina wa kutchalitchi amene ankandikonda, koma ndinamva kuti ndi msuweni wa apongozi. Pamudzi ponsepo aliyense anali mbale wa amuna anga, wanga panalibe.

Ndinayamba kuchenjera. Tsiku loyamba ndinasunga madziwo m'kamwa n'kupereka kaneka, ndili ndi maganizo okalavula panja.

"A ku Zambia, kodi mvula ya dzulo inafika kumunda kwathu?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndafunsa ndi pakamwa, muyankhe ndi pakamwa."

Ndinameza. Anamwa mankhwala awo akundiyang'ana pamwamba pa kaneka.

M'mawa mwake ndinati m'kamwa mwanga mwatuluka zilonda, sindingathe kulawa zoyabwa. Sanakangane nane. Anangoti ikani pamenepo. Kaneka inakhala pakhonde tsiku lonse, ntchentche zikuizungulira, iwo akubuula ndi mawondo. Dzuwa litapendeka panadutsa mayi wa nyumba yoyandikana nafe akuchokera kumunda, anawalonjera n'kufunsa za thupi. Apongozi anayankha mokweza kuti ndimve ndili kophikira.

"Mawondo alipo. Koma mankhwala anga lero wowakonza wawaopa yekha. Kaya muli chiyani."

Mayi uja anaseka, koma anandisuzumira, ndipo kuyang'ana kwake sikunali kwa nthabwala. Amene sanakhaleko kumudzi angati amenewo ndi mawu chabe. Mawu otere amathetsa banja. Tangoganizani, mtengwa wobwera, wa ku Zambia, mwamuna wake kulibe, akukana kulawa mankhwala amene wakonza yekha, m'nyumba ya mayi amene amuna awo anafa ndi chakumwa. Likanangotuluka dzina loti mfiti, palibe sopo akanalichotsa, ndipo ndikanabwerera ku Malowera ndi mimba yanga ndi dzinalo. Ndinatenga kaneka ija, ndinakhuthula, ndinakonza ena, ndinameza mayi uja akuona.

Kenako ndinayesa kuchepetsa ufa kuti mankhwala azikhala osuluka. Anangomwa kamodzi.

"Mwandipatsa madzi otsukira kaneka?"

Kuyambira tsiku limenelo chitini chinkakhala pamwendo pawo, ndipo ankatapa okha ndi zala zawo zopindikazo. Muyezo panalibe. Mawondo akawawa pang'ono ankatapa pang'ono, akawawa kwambiri ankatapa kwambiri, ndipo mvula ya chaka chimenecho inkagwa osapumira. Kale ankamwa m'mawa mokha. Tsopano anawonjeza masana, kenako ndi madzulo. Ulendo uliwonse ine ndinkagwada n'kumeza.

Ndi katapidwe kotero ufa wa chilimwe sunachedwe kutha, ndipo anandituma kukakumba muzu wina. Malamulo anandipatsa ambirimbiri. Ndikumbe muzu woloza kum'mawa, ndisadule yonse mtengo ungafe, ndikwirire dzenje ndikatha, ndisacheuke pobwera. Zonsezo ndinachita. Dothi linali lofewa, muzu unatuluka wonenepa, wamadzi, ndipo nditangoupala fungo lake linandizunguza mutu, ndinasanza pansi pa mtengo pomwepo. Dzuwa loyanikira kunalibe. Ndinaika makungwa pafupi ndi moto, anangofota osauma, ndipo apongozi anati sinjani momwemo, mawondo sadikira dzuwa. Mankhwala a muzu watsopanowo anali aukali, ngakhale lilime langa linadziwa. Iwo anakondwera, anati awa ndiye mankhwala, aja anali zoseweretsa.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti mdzukulu ankamufuna. Tikakhala pakhonde ndikutongola mtedza wambewu wotsala, ankandiyang'ana cham'mbali n'kuyamba.

"Kodi kwanu ku Zambiako amabereka? Kapena ana nawo mumachita kulandira pamzere?"

"Amabereka, amayi."

"Ndiye tikuchedwa ndi chiyani? Ine ndifa osanyamula wa mwana wanga wamwamuna."

Ndinkangowerama. Mayi wina aliyense wa msinkhu wawo akanazindikira kalekale, chifukwa akuluakulu amaonera pakhosi ndi m'maso. Koma maso a apongozi anga ankakhala pamanja panga, kuona chimene ndikuthira, ndipo akandimva ndikusanza ankati anthu oleredwa ndi ufa wolandira alibe m'mimba molimba.

Ndinapempha kuti ndikaone mayi anga. Anati: "Mtsinje mukauluka? Nanga udzu m'munda apalire ndani, mawondo angawa?" Zinali zoona, n'chifukwa chake zinandipsetsa mtima kwambiri. Ndinatumiza mawu kwa amuna anga kudzera mwa bambo wina wopita kunyanja, kuti abwere msanga, pakhomo pakufunika iwo. Yankho linabwera ndi kathumba ka kapenta, ati ndilimbe mtima, nsomba zikufa bwino.

Ndinkakwiya, musaone ngati ndinali wofatsa. Ndinkapalira ndikutukwana chamumtima. Ndinkatukwana apongozi, ndinkatukwana amuna anga ndi kapenta wawoyo, ndinkatukwana anamkungwi amene anandipatsa malamulo awiri osandiuza loti nditaye akagundana. Ndinkapemphera ndi mkwiyo womwewo. Kenako ndinkadzitonthoza kuti kumeza kamodzi si kumwa, kuti anamkungwi ankanena za kaneka yodzaza, kuti mitsinje iphwa posachedwa ndipo ndikafika kwa mayi anga mimba isanaoneke.

Mankhwala aja anayamba kuwatembenukira eni ake. Ankadandaula kuti m'makutu mukulira nyenje, pamtima pakuotcha, ndipo kuchimbudzi ankapita pafupipafupi, ine nditawagwira mkono. Chakudya anayamba kuchikankha, ngakhale bowa amene ankamukonda zedi. Ndinawauza kuti: "Amayi, mwina muzuwu wachuluka. Bwanji mupumire masiku angapo?"

"Udokotala munaphunzira ku Zambia? Akugwira ntchito amenewo, nthenda ikutuluka."

Koma mumtima mwawo sanakhulupirire zimene ananenazo. Ndinkawaona akununkhiza kaneka nthawi yaitali asanamwe, akusuzumira m'chitini, akuyang'ana ine. M'mimba mukamawaotcha sankaganiza za muzu, ankaganiza za dzanja limene lawapatsa. Tsiku lina nditameza monga mwa masiku onse, sanatambasule mkono kuti alandire.

"Onjezani."

"Ndalawa kale, amayi."

"Kulawa kwa mbalame kumeneko. Mufike apa." Analoza ndi chala pamene panasupuka utoto mkati mwa kaneka, pafupifupi pakati.

Ndinayang'ana kanekayo, ndinayang'ana iwo. Mawu anafika pamlomo penipeni. Koma pabwalo panali amayi awiri amene anabwera kudzawazonda, atakhala pamphasa, akudikira aone chimene ndichite. Ndinamwa. Masiku otsatira anakhala otero, mpaka posupuka paja, ndipo ndikapeza mpata ndinkathamangira kuseri kwa nkhokwe kukadzisanzitsa. Nthawi zina ankandigwira ndi nkhani mpaka zitakhazikika m'mimba. Nanenso makutu anayamba kundilira.

Ndinatsimikiza kuti Lamulungu likubweralo, mlamu wanga akabwera kudzaona mayi ake potuluka m'tchalitchi, ndimukokera pambali ndimuuze, za mwambo zidzaoneka pambuyo. Lamulungu limenelo mvula inagwa kuyambira m'mawa, dambo linasefukira, mlamu sanabwere.

Mkati mwa sabata imeneyo ndinali kumunda, ndikubandira chimanga. Msana unkandiwawa chifikireni, ndinati ndi khasu. Kenako m'munsi mwa mimba munandipota, ndinagwada pakati pa mizere, ndipo nditaimirira ndinaona magazi atatsikira kumwendo. Khasu ndinalisiya pomwepo. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikuima, ndikuyenda, ndikuuza mwanayo kuti gwira, gwira, tafika.

Apongozi ndinawapeza pakhonde, chitini chili pamwendo, kaneka ili pambali.

"Mwachedwatu, a ku Zambia. Taonani dzuwa pamene lafika."

"Lero sindikonza, ndipo sindimwa."

"Mwati chiyani?"

"Ndati sindimwa! Ndili ndi pakati, amayi, ndipo ndikutaya magazi. Itanani anthu."

Sindinagwade, sindinatsitse mawu. Anandiyang'ana kumaso n'kutsitsa maso kukapulana yanga, ndipo chitini chinagwa, ufa n'kumwazika pakhonde. Kenako anakuwa kuitana mayi woyandikana nafe uja, ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo.

Anthu anathamanga. Wina anawoloka dambo kukaitana mlamu wanga, amene anafika ndi mwamuna wake ndi njinga. Anandikhazika kumbuyo kwa njingayo atayala gombeza. Kupalasa sikukanatheka chifukwa cha matope, mwamunayo ankangokankha, mlamu atandigwira m'chiuno. Pamene panali madzi ambiri mwamunayo anandibereka kumsana, manyazi onse tinawasiya kumudzi. Tinafika kupositu ya zaumoyo dzuwa litapendeka.

Enifemera, namwino wa pamenepo, anali mayi wamfupi wochokera kumunsi, wolankhula Chinyungwe chosakaniza ndi chathu. Anandigoneka, anandipima, anandibaya jakisoni. Anachita zimene akanatha. Dzuwa lisanalowe mimba inachoka. Mlamu wanga ndiye anaona, ine ndinatembenukira kukhoma.

M'mawa mwake, magazi atachepa, enifemera anakhala pamphepete pa kama n'kundifunsa ngati ndinadwala malungo, ngati ndinagwa, ngati ndinamwa chilichonse. Ndinawauza zonse. Ndinaona kuti poyamba ankaganiza kuti ndinamwa dala, monga amachitira atsikana ena akapanikizika, mpaka mlamu wanga anafotokoza khalidwe la mayi ake, akupukuta misozi. Enifemera anapukusa mutu, anati zimenezi ndiye anali asanazimvepo.

Ine funso langa linali limodzi. "Ndi muzu uja?"

"Mwana wanga, sindinganene kuti ndi bwazi, sindinganenenso kuti si bwazi. Mimba zina zimachoka zokha, zina ndi malungo, zina ndi khasu. Koma muzu umenewo wapakati sayenera kuumwa, ngakhale pang'ono. Ndiponso si wapakati yekha. Komprimidu, piritsi la kuchipatala, ili ndi muyezo, muzu ulibe. Wa mtengo uwu umakhala waukali kuposa wa mtengo uwo, wauwisi umasiyana ndi wouma, ndipo womwayo sadziwa. Ndalandirapo anthu pano atamwa wambiri, ena sanabwerere kwawo ndi miyendo yawo." Anatembenukira kwa mlamu. "Mayi anuwo, makutu kulira, pamtima kuotcha, si nthenda ikutuluka imeneyo. Muzuwo ukuwadya m'mimba. Asiye lero lomwe, ndipo njira ikauma mubwere nawo."

Yankho limenelo linandikwiyitsa. Ndinkafuna andiuze kuti inde, kuti ndidziwe woti ndimude. Mpaka lero sindidziwa. Apongozi muzu anausiyadi, makutu analeka kulira, chakudya chinayamba kulowa, ndipo mvula itatha anapita kupositu pangolo ya ng'ombe. Nyamakazi yokha sinawasiye mpaka kumwalira kwawo.

Ine ndi mlamu tinabwerera kumudzi tsiku lomwelo limene enifemera anatiuza zimenezi. Enifemera ankadziwa mwambo wathu, anakulunga kanthuko m'chidutswa cha kapulana n'kupatsa mlamu, amene anakaika m'dengu n'kuvundikira. Ine ndinali panjinga, dengu lili pamutu pa mlamu patsogolo panga njira yonse.

Mimba yochoka timati mtayo, ndipo mtayo si maliro. Sauika m'bokosi, sauimbira nyimbo, abambo sapita, mayi wake sapita. Amapita amayi achikulire okha, amakumba kadzenje kosaya m'mphepete mwa manda, chifukwa amati akakumba mozama mayiyo sadzaberekanso. Kaya ndi zoona kaya, ana ine ndinabereka pambuyo pake. Koma lamulo lalikulu ndi lakuti mtayo saulira. Amati ukaulira umaitana unzake.

Anandigoneka m'nyumba mwanga n'kutseka chitseko. Ndinamva amayi akusonkhana pabwalo, akulankhula motsitsa mawu, kenako wina akuti: "Inu tsalani, simukafika ndi mawondo amenewo." Yankho sindinalimve, ndinangomva ndodo ikugunda pansi. Apongozi anali asanapitirire nkhokwe chiyambireni mvula, koma anapita.

Manda sali kutali ndi mudzi. Kunakhala zii kwa kanthawi, nkhuku zokha zikupalasa pabwalo. Kenako ndinamva kulira, kulira kwenikweni kwa maliro, mawu okalamba akusweka: "Mdzukulu wanga ine! Mdzukulu wanga ine, mayo!" Amayi ena anayamba kuwaletsa, ndinkamva bwinobwino. "Khalani chete inu! Mtayo saulira! Mwapenga?" Sanakhale chete. Analira kumandako, analira njira yonse yobwerera, mudzi wonse unamva. Ine amene ndinali nditauma m'maso kuyambira dzulo lake, ndinaluma gombeza.

Atafika sanalowe m'nyumba mwanga. Anakhala pansi pakhomo, kunja, msana atatsamira chitseko, ndipo ndinkamva kupuma kwawo kudzera m'mipata ya matabwa. Patapita nthawi analankhula.

"Bwanji simunanene?"

"Ndikananena, mukanati akwathu sanandilange. Ndikanakana kumwa osanena chifukwa, mukanati ndine mfiti. Ndikanatani, amayi? Tandiuzani, ndikanatani?"

Ndinayembekeza kuti akana, kapena andibwezera mawu monga mwa chizolowezi chawo, ndipo ndinali nditakonzeka kukangana nawo anthu onse akumva.

"Ndikanaterodi," anatero. "Zonse ziwiri ndikananena."